Chijasi Choyera ndi Zala za a Chikuse

Pali zopusa zina zimene munthu umachita, anthu n'kuseka, iwe n'kuseka nawo, nkhani n'kuthera pompo. Iyi si ya mtundu umenewo. Kuseka anthu anaseka ndithu, koma kwa kamphindi kochepa kwambiri. Ndaisunga zaka zambiri nkhaniyi, moti ana anga amangodziwa kuti bambo awo anasiya ntchito ya matabwa chifukwa cha chifuwa. (Chifuwacho ndinali nacho, koma sichinali chosiyitsa munthu ntchito.)

Nthawi imeneyo matipate anali atangobwera. Ndinkakhala ku Kawale, ndikugwira ntchito pa kafakitale kena ka mipando cha ku Biwi. Ntchito yanga inali yosalaza matabwa ndi sandipepa, moti pofika madzulo tsitsi, nsidze ndi mphuno zinkakhala mbuu ndi utuchi.

Tsiku lina bwana wathu, a Kamwendo, anatisonkhanitsa pabwalo, chinthu chimene chinkachitika pokhapokha pakabedwa kanthu. Aliyense anayamba kukumbukira timisomali timene tinasocherera m'thumba mwake. Koma bwana anali kumwetulira.

"Anthu inu," anatero, "masiku ano ndi a demokalase. Kuli bungwe lina likufuna madesiki ochuluka, popeza pulayimale yakhala yaulere. Koma akuti asanatipatse ntchitoyi, akufuna aone kuti timakufunsani maganizo pa za chitetezo chanu. Ndiye sankhani munthu mmodzi, azungulire, amve madandaulo onse, abwere nawo ku ofesi. Musaope. Nenani zonse."

Tinayang'anana. Chiyambire fakitaleyo, funso lokhalo limene bwana ankatifunsa linali lakuti, "Simunamalizebe?"

Anzanga anasankha ine pa zifukwa ziwiri. Ndinali ndi setifiketi ya JC, komanso pa nthawi ya nkhomaliro palibe amene ankandiposa kudzudzula mabwana. (Mabwanawo kulibe, n'zoona, koma zimenezo palibe anaziganizira.) Nditamuuza mkazi wanga, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inuyo, bambo a Tadala? Amene mukulephera kuuza a landilodi kuti denga likudontha?"

Ndinamuuza kuti zandale sazidziwa.

M'mawa mwake ndinagula kope latsopano, bolopeni n'kuipachika kukhutu, ulendo wozungulira n'kuyamba. Ndinayambira kwa Amayi Nangozo, mayi wa ku Ntcheu amene ankapaka vanishi m'kachipinda kopanda zenera.

"Lembani kuti ndikamatuluka muno ndimayenda ngati ndamwa kachasu, ine munthu wa kwaya," anatero. "Lembaninso kuti ndimatsokomola mpaka amuna anga anasamukira pabalaza. Mukulemba kapena mukujambula?"

Onyamula matabwa anafuna magambuti chifukwa misomali inali kuwabaya m'mapazi. Ena anadandaula utuchi, ena chimbudzi chopanda chitseko, ena sopo wosambira m'manja. Kope linadzaza masamba asanu.

Omaliza anali Abambo Chikuse, a ku Dedza, amene ankayendetsa makina aakulu ochekera matabwa. Anali munthu wa imvi, wosalankhulalankhula, ndipo anali pafakitalepo chitsegulire. Iwo sanayambe ndi mawu. Anandigwira pamkono n'kundizungulitsa kuseri kwa makinawo, kumene lamba wamkulu ankathamanga kuchokera pa mota kupita pa gudumu, pafupifupi mulingo wa bondo la munthu, popanda chilichonse chomutchinga.

"Mukumuona lambayu, aphwanga? Kale anali ndi chotchinga cha waya. Anachichotsa pokonza mota, sichinabwerere. Ndamva kuti panopa ndi chitseko cha khola la nkhuku kwa bwana." Analoza khoma la kutsidya. "Swichi ya pamakina inapsa. Yozimitsira ili uko. Kuti munthu ukafike, ndiye zonse zachitika kale. Zikavuta ndimangogwetsa lamba ndi kamtengo aka."

Kanali kamtengo kakuda ndi mafuta, kogona pansi pa tebulo la makina.

"Lambayu ali ndi njala," anapitiriza. "Wadyapo kale mpango wanga ndi chipewa. Tsiku lina adzafuna ndiwo. Zina zonsezo mukhoza kuiwala, koma ichi chokha mukanene. Muchilembe poyambirira."

Ndinachilemba poyambirira, pamwamba pa tsamba loyamba, ndi zilembo zikuluzikulu, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake.

Tsono ku ofesi ndi kumene kunagwera njuchi. Pa zaka zinayi zimene ndinagwira ntchito pamenepo, ndinali ndisanadutsepo pakhomo la ofesi ya bwana. Munali kapeti, munali fani yozungulira, munali mpando woti ukakhala umamira mpaka maondo kufika pachibwano. Mlembi anabweretsa chakumwa chozizira ndi mabisiketi pambale.

"Khalani, a Tcheya," anatero a Kamwendo.

A Tcheya! Munthu amene zaka zonsezo ankandiitana kuti "iwe wa sandipepa."

"Ndisanaiwale," anatero akundikankhira mbale, "mukudziwa kuti kapitawo wathu akupuma chaka chino chisanathe? Ndikufuna munthu wophunzira, woona patali. Osati waphokoso." Anamwa pang'ono, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tsono anthu anu akuti chiyani? Palibe zazikulu, eti?"

Kope linali pamaondo, lotsegula pa tsamba loyamba. Zilembo zija zinali kundiyang'ana. M'kamwa munali bisiketi yosamezeka. Ndinamva mawu akutuluka, ndipo nditamvetsera bwino ndinapeza kuti anali anga.

"Ayi bwana, zazikulu ndiye palibe."

Chala changa chinayamba kutembenuza masamba chokha. Chinadumpha lamba, chinadumpha vanishi, chinadumpha magambuti, n'kukaima pa tsamba lomaliza. Ndinanena za sopo. Ndinanena za chitseko cha chimbudzi, ndipo pamenepa ndinakwezako mawu kuti aone kuti ndine munthu wosanyengerera. Kenako ndinawonjezera china chimene sichinali m'kope.

"Komanso, bwana, mwina zikanakhala bwino kuti woyang'anira chitetezo azioneka kuti ndi woyang'anira chitetezo."

Bwana anaseka mokondwa, n'kutsegula kabati. Anatulutsa chijasi choyera, chonga cha madokotala, chimene anasiya mzungu wina amene anadzakhazika makina kalekale. Mzunguyo ayenera kuti anali wamtali ngati mlongoti, chifukwa ine chinandifika pafupi ndi akakolo. Kenako anandipatsa pepala la Chingerezi lonena kuti ogwira ntchito afunsidwa ndipo ndi okhutira. Ndinasaina, ndi siginecha yatsopano imene ndinakhala ndikuiyeserera masiku atatu.

Pa nkhomaliro anzanga anali kundidikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa fakitale. Nditatulukira ndi chijasi, ena anaomba m'manja.

"Anzanga, zonse zili m'manja," ndinatero. "Ndawauza mosabisa. Sopo akubwera sabata ino."

"Zenera langa?" anafunsa Amayi Nangozo.

"Akuliganizira."

A Chikuse anadikira kuti onse amalize.

"Za lamba munanena, aphwanga?"

"Ndinayambira pompo, abambo."

"Anati chiyani?"

"Anati achiitanitsa chotchingacho. Tingodekha."

Anagwedeza mutu, n'kubwerera ku makina awo. Sanandifunsenso. Bodza limeneli linatuluka mosavuta kuposa la ku ofesi lija, ndipo ndinadziuza kuti si bodza kwenikweni, chifukwa ndikadzangokhala kapitawo ndidzakonza zonse ndekha.

Chijasicho sindinkachisiya kuntchito. Ndinkayenda nacho mpaka ku Kawale, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina anandiimitsa pamsika kuti ndimuonere mwana m'khutu. (Ndinaonamo ndithu, n'kumuuza kuti apite naye kuchipatala.) Tsiku lina munthu anandifunsa mtengo wa chiwindi, poyesa kuti ndine wa ku butchala, koma zimenezo sindinauze aliyense. Mkazi wanga anachichapa kawiri, osanenapo kanthu, ndipo kukhala chete kwa mayi ameneyu kunkaposa mwano.

Patapita masabata awiri, bwana anatiuza kuti alendo a bungwe lija abwera Lachinayi, ndipo ine ndi amene ndidzawayendetse. Lachitatu lonse ndinalamula ntchito yoyeretsa. Ndinkaloza ndi bolopeni, anthu n'kumasesa. Chilichonse chooneka ngati chinyalala chinapita kudzala, ndipo kamtengo kakuda kaja kanapita nawo. Nditayang'ana swichi ya pakhoma, ndinaona kuti mawaya ake akulendewera moipa, ndiye ndinalamula kuti aunjike matabwa kutsogolo kwake, mwadongosolo, mpaka isaoneke.

Lachinayi m'mawa a Chikuse anandipeza.

"Aphwanga, swichi ija ndiifikira bwanji?"

"Ndi za lero lokha, abambo. Alendo akangopita tichotsa."

Anaima pang'ono ngati akufuna kunena china, koma galimoto ya alendo inali kulowa pageti, ndipo ine ndinathamangira komweko, chijasi chikukupiza m'mbuyo.

Alendo anali awiri, bambo ndi mayi, aliyense ndi fayilo m'manja. Ndinawaonetsa sopo. Ndinawaonetsa chitseko chatsopano cha chimbudzi, n'kuchitsegula ndi kuchitseka kawiri. Chipinda cha vanishi ndinawadutsitsa mwachangu. Ndinkalankhula Chingerezi chimene ndinali ndisanachigwiritsepo ntchito chichokere ku sukulu, ndipo bwana ankagwedeza mutu kumbuyo kwawo.

Tinafika pa makina aakulu, a Chikuse akucheka thabwa lalitali. Mayi uja sanali wogona. M'malo moima kutsogolo kumene ndinamulozera, anayamba kuzungulira kuseri.

"Kodi lamba uyu alibe chotchinga?" anafunsa m'Chichewa, mokweza chifukwa cha phokoso.

Ndinaganiza msanga, ndipo ndimanong'oneza bondo kuti ndinaganiza n'komwe. Ndinadumphira pakati pa iye ndi lambayo, n'kumufulatira lamba, manja n'kutambasula kuti ndimubise ndi chijasi.

"Kuno, mayi, sitilola munthu aliyense kuyandikira, chifukwa..."

Chifukwacho sindinachimalize. Ndinamva ngati munthu wandikoka kumbuyo mwaukali. Mabatani anathothoka n'kuuluka ngati chimanga chokazinga. Ndinagwa chagada, mpendero wa chijasi utalowa pakati pa lamba ndi gudumu, ndipo thalauza linatsatira, n'kung'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Poyera panatsala kabudula wamkati amene mkazi wanga anandisokera ndi chotsala cha chitenje cha chipani, nkhope ya mkulu wina wandale itamwetulira pa thako langa lakumanzere.

Apa ndi pamene anthu anaseka. Sindiwaimba mlandu.

Koma chijasi sichinang'ambike. Inali nsalu yolimba, ya kunja. Chinayamba kukulungika pa gudumu, chikundikokera mutu kumene kunali lamba, ndipo kolala inandikanyanga pakhosi. Mpweya unatha. Ndinkamva mphepo ya lamba pakhutu. Ndili chagada choncho ndinaona a Chikuse akugwada n'kupapasa pansi pa tebulo, pamene pankakhala kamtengo kawo. Ndinawaona akutembenukira kukhoma, kumene kunali mulu wa matabwa anga osanjika bwino. Kenako anagwira lamba ndi dzanja.

Phokoso limene linamveka sindilifotokoza. Lamba anagwa, gudumu linaima, mota inatsala ikungolira yokha. Munthu wina anang'amba kolala ndi mpeni ndipo ndinapuma.

A Chikuse anali ataima, dzanja lamanja atalibisa m'khwapa lakumanzere. Malaya awo anali kusintha mtundu mofulumira.

"Mwapulumuka, aphwanga?" anafunsa.

Kenako anakhala pansi pa utuchi, pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa ndi ulendo.

Amene anaganiza bwino anali Amayi Nangozo. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, n'kuching'amba pakati ndi mano. Mbali ina anamanga nayo dzanja la a Chikuse, ina anandiponyera osandiyang'ana. Kenako anagwada n'kuyamba kufufuza mu utuchi. Zimene anapeza anazikulunga m'pepala la shuga, n'kukwera nazo galimoto ya alendo limodzi ndi wovulalayo. Kuchipatala anati palibe chimene angachite nazo. Zinapita zala zitatu: chachikulu, cholozera ndi chapakati.

M'mawa mwake bwana anatisonkhanitsanso pabwalo. Ulendo uno sanamwetulire. Anakweza pepala lija m'mwamba.

"Ine ndinafunsa," anatero. "Ndinakuuzani kuti nenani zonse. Tcheya wanu anabwera, anati zazikulu palibe, anasaina. Siginecha yake nayi. Munthu ungakonze bwanji chimene sunauzidwe?"

Aliyense ankadziwa kumene chotchingacho chinali, ndipo bwana ankadziwa kuti tikudziwa. Koma pepala linali m'manja mwake, ndipo dzina linali langa. Mitu yonse inatembenukira kwa ine.

"Kope lija lili kuti?" anafunsa Amayi Nangozo.

Ndinalitulutsa. Anatsegula tsamba loyamba n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. Atamaliza analitseka n'kundibwezera.

"Kulemba ndiye mumalemba bwino," anatero.

Palibe anandimenya. Ndikanakonda akanandimenya. Pa nkhomaliro ndikakhala pa benchi, benchiyo inkatsala yanga ndekha. Chotchinga chinabwera tsiku lomwelo masana, nthenga za nkhuku zikadali pa waya, ndipo kuchimangirira kunatenga nthawi yochepa kuposa imene ndinamwera chakumwa chija ku ofesi. Swichi anaikonza tsiku lotsatira. Zenera anaboola Loweruka lomwelo. Za ukapitawo palibe anatchulanso, ndipo ngati madesiki anadzapangidwa pamenepo ine sindikudziwa, chifukwa mwezi utatha ndinasiya kupitako.

Zinanditengera milungu isanu kuti ndilimbe mtima kukaona a Chikuse. Mkazi wanga ndi amene anandikakamiza. Lamlungu lina m'mawa anandipatsa paketi ya shuga n'kundiuza kuti ndisabwerere nayo. Ndinayenda wapansi mpaka ku Area 23, ndikukonza mawu njira yonse, ndipo pofika pakhomo mawu onse anali atathawa.

Mkazi wawo analandira shuga ndi manja awiri, n'kulowa m'nyumba osandipatsa moni. A Chikuse anali pakhonde, akukonzekera kupita ku tchalitchi. Anali atavala shati yoyera yosamanga, ndipo dzanja lamanzere linali kulimbana ndi batani loyamba. Lamanja linali pamwendo, lokulungidwabe.

"Mwabwera bwino, aphwanga. Tandimangani mabataniwa. Amayi anu akamandimanga amalira, ndiye timachedwa ku mapemphero."

Ndinagwada patsogolo pawo n'kuyamba kumanga.

"Abambo, ndinakulakwirani," ndinatero, maso ali pa batani. "Za lamba sindinanene. Ndinaopa."

"Ndinamva."

Ndinapitiriza kumanga mpaka ndinafika batani lachitatu.

"Mantha si mlandu," anatero. "Ine ndaopa mabwana chiyambire unyamata wanga. N'chifukwa chake ndinatuma inu. Koma mukanangobwera n'kunena kuti, abambo, ndalephera. Ndikanavala zilimbe n'kupita ndekha, kapena tikanatuma Nangozo, amene saopa ngakhale abusa. Koma munati mwanena. Ndiye ine ndinakhala pansi, n'kumadikira."

Misozi inkagwera pa shati yawo ndipo ndinkaipukuta ndi chala.

"Mwalumpha bowo limodzi," anatero. "Masulani, muyambirenso."

Ndinamasula, n'kuyambiranso. Ndinawamanganso zingwe za nsapato. Lamlungu lotsatira ndinabweranso, ndi linzakenso, mpaka tsiku lina ndinawapeza atamanga okha mpaka kukhosi. Anandiuza kuti ndisamavutikenso ndi ulendo, ndipo sindinadziwe ngati akundikhululukira kapena atopa kundiona. Mpaka lero sindidziwa. Anapeza ntchito ya ulonda pa sitolo ina, ndipo patapita zaka anabwerera kwawo ku Dedza.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wolimba mtima, woima pamaso pa akuluakulu n'kunena zoona. Ayi. Ndagwira ntchito malo ena atatu chichokere ku Biwi, ndipo paliponse pamene anati tisankhe wotiyankhulira, ine ndinkapezeka kuti ndapita kukamwa madzi. Ndikudziwa kuti phunziro lake silinali limenelo. Koma chimodzi chokha ndinachigwira: munthu akandituma n'kulephera, ndimabwerera n'kumuuza kuti ndalephera. Nkhope imagwa, anthu amakuseka, ena amakutcha wamantha. Zimenezo zimapola.